Funsani Tikuyankheni: Zitsulo Zakale ndi Mbiri ya Luso Lotulukira Zinthu

Makalata a mwezi uno achokera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Onse akukhudza nyumba zosungiramo zinthu zakale, ndi momwe zimaphunzitsira mbiri ya makina ndi zida zomwe anthu akhala akutulukira.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pasekondale ina kuno ku Chisitu. Teremu ikubwerayi tikufuna kupita ndi ana a Fomu 2 kumyuziyamu ya ku Chichiri. Nkhawa yanga ndi yoti anawo akangojambulitsa zithunzi pa sitima ija n'kubwerako osatolapo kanthu. Ndikonzekere bwanji? Mphunzitsi, Chisitu

YANKHO: Aphunzitsi, nkhawa yanuyo ndi yomveka. Mwana akaima pa injini ya sitima yamalasha m'mutu mulibe funso, amangogoma ndi kukula kwake basi. Ntchito yaikulu muigwire musananyamuke.

Anawo alembe m'makope mafunso anayi oti akafunse pa chinthu chilichonse. Chinabwera kudzathetsa vuto lanji? Chisanabwere anthu ankatani? Mbali yeniyeni yomwe imagwira ntchitoyo ndi iti? Nanga chinasiyidwa chifukwa chiyani?

Tiyese pa injiniyo. Mwana aloze ndi chala njira yonse yomwe mphamvu inkadutsa: pakhomo poponyera malasha, chithanki chachitali momwe madzi ankawirira, silinda momwe nthunzi inkakankha pisitoni, kenako ndodo yachitsulo yochoka pa pisitoni kukagwira gudumu. Amene wafotokoza njira imeneyi ndi pakamwa pake wamvetsa kuposa amene waloweza chaka chomwe injiniyo inapangidwa. Funso loyamba ndi lachiwiri lija likubwezeretsani kwanu komweko. Njanji yochokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza inafika ku Blantyre mu 1908. Isanafike, katundu ankatsika m'sitima zapamadzi za mu Shire n'kukwera zitunda zonsezo pamitu ya amtengatenga, ndipo madzi akachepa mumtsinje sitimazo zinkakakamira pamchenga. Njanji inadzera vuto limenelo. Ngati mafuta agalimoto akulolani, kanyumba ka ku Namaka pamsewu wa ku Zomba, komwe ankapumira onyamula makalata wapansi, lero ndi myuziyamu ya Mtengatenga, ndipo kamamaliza bwino nkhani yomweyi.

Lembani kalata kumyuziyamuko sabata ziwiri ulendo usanachitike, mutchule chiwerengero cha ana ndi mutu womwe mukufuna, kuti akukonzereni wokuyendetsani. Gawani ana m'magulu a anthu 5 kapena 6. Gulu lililonse likhale pa chinthu chimodzi mphindi 20, ndipo tsiku lonse lisapyole zinthu zitatu kapena zinayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ajambule ndi pensulo, alembe dzina la mbali iliyonse, ndipo mafoni atuluke pomaliza. Wojambula ndi dzanja amakakamizika kuona kuti ndodo ija yalumikizidwa pambali pa gudumu osati pakati, ndipo akafunsa chifukwa chake phunziro layamba.

Maulendo ambiri amaonongeka pa zinthu ziwiri: ana 80 kuunjikana kumbuyo kwa wofotokozera mmodzi, moti akumva ndi khumi akutsogolo okha, ndi kufika masana ana ali ndi njala. Fikani m'mawa.

FUNSO: M'mabuku ndi m'zionetsero zomwe ndimaona pa intaneti, otulukira zinthu onse ndi azungu. Kodi makolo athu analibe chomwe anatulukira? Wophunzira, Luchenza

YANKHO: Mwanathu, mufunso lanu muli nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi yoti chizolowezi cholemba dzina limodzi ndi chaka chimodzi pansi pa chinthu chimanamiza, ngakhale pa zinthu za ku Ulaya komweko. Babu lamagetsi amangoti Thomas Edison, 1879, koma nthawi yomweyo Joseph Swan ku England anali akupanga lake, ndipo mu 1882 Lewis Latimer, munthu wakuda wa ku America, analembetsa njira yabwino yopangira kaulusi koyaka m'kati mwa babulo. Njinga nayo: Karl Drais anapanga yamatabwa yopanda mapedulo mu 1817, yoyendetsa pokankha pansi ndi mapazi. Ya magudumu ofanana ndi tcheni chokokera gudumu lakumbuyo inatchuka ndi John Kemp Starley mu 1885, ndipo matayala opopa anabwera ndi John Boyd Dunlop mu 1888. Myuziyamu yophunzitsa bwino imandandalika njinga zonsezi pamzere, kuti muone chomwe aliyense anapeza chikuvuta n'kukonza. Kumapeto kwa mzerewo kuyenera kukhala njinga ya kabaza ya pa Luchenza, yomwe wowotcherera waikako kaliyala wa zitsulo zomangira nyumba, masipoko okhuthala, khushoni ndi popondera wokwera. Fakitale sinaipange kuti izinyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga. Anaisintha ndi amisiri athu.

Yachiwiri ndi ya makolo. Ofukula zakale anapeza ku Nkope, ku Mangochi, umboni woti anthu ankadziwa kale ntchito ya chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kutulutsa chitsulo mumwala kumafuna moto wopyola madigiri 1,100, makala a mtengo woyenera, muyeso wa makala ndi mwala, ndi mphepo yolowa mokwanira kudzera m'mapaipi adothi. Ng'anjo zina ankazipemerera ndi mvukuto, koma zazitali za ku Kasungu zinkadzikokera zokha mphepo chifukwa cha kutalika kwake. Chitsulocho sichinkasungunuka ngati madzi. Chinkatuluka chili chibuma chobowokabowoka, ndipo wosula ankachitenthanso pachipala n'kuchimenya mpaka zinyalala zitachoka. Zonsezi anthu anazipeza poyesa, kulephera ndi kuyesanso. Mayina awo sanalembedwe, n'chifukwa chake simuwapeza m'mabuku.

Chomwe ife timadandaula nacho ndi kasanjidwe komwe kanazolowereka m'maiko ambiri: khasu losula pachipala, chiwondo ndi nsalu yoomba pamanja amaziika kuchipinda cha chikhalidwe, pomwe injini amaiika kuchipinda cha sayansi. Mwana amatuluka akuganiza kuti kwathu kunali miyambo yokha, nzeru zinali kwa eni injini. Khasu la pachipala likhale pambali pa khasu la kufakitale, ndipo mafunso akhale amodzimodzi.

Za masiku ano ziliponso. Mjigo wa Afridev unachokera pa pampu yotchedwa Maldev yomwe inayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, isanakonzedwenso ku Kenya. Makina a Pumani othandiza makanda kupuma anakonzedwa mogwirizana pakati pa madokotala a chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi akatswiri a ku Rice University ku America, ndipo oyambawo ankayendera timapampu topopera mpweya m'magalasi owetera nsomba. William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, anali ndi zaka 14 pomwe anapanga makina amagetsi oyendera mphepo kuchokera ku njinga yakale, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki.

FUNSO: Ndinagwira ntchito mufakitale ya tiyi mpaka kupuma. Ine ndi anzanga tikufuna kukonza chionetsero cha mbiri ya tiyi muholo ya kwathu kuno. Tili ndi madengu, sikelo yakale ndi zithunzi. Tizisanje bwanji kuti achinyamata aphunzirepo? Wopuma pantchito, Makwasa

YANKHO: Bambo, chuma chachikulu cha chionetserocho ndi inuyo ndi anzanuwo, chifukwa makinawo munawagwira ndi manja. Musasanje potsata zaka zokha. Sanjani potsata tsamba, kuchoka kumunda mpaka m'kapu, ndipo pamalo aliponse muonetse njira yakale, njira yatsopano, ndi chomwe chinachititsa kusinthako.

Yambani ndi mtengo. Henry Brown anabzala tiyi ku Lauderdale ndi Thornwood ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo anafika pambuyo pake. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Minda yoyambayo inali ya njere, ndipo tiyi wanjere amasiyana tsinde ndi tsinde: lina lobereka, lina laulesi, lina lofooka ndi chilala. Akatswiri a Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa analimbikitsa kusankha tsinde labwino n'kulichulukitsa podula timitengo, ndipo m'menemo ndi momwe munachokera mitundu ngati SFS 150 ndi PC 108. Ikani m'mabotolo amadzi nthambi zisanu za m'munda wanjere ndi zisanu za mtundu umodzi. Kusiyana kwa masambawo kumaoneka popanda wofotokoza.

Kufakitale, nkhani yaikulu ndi ya kaphwanyidwe ka tsamba. Kale makina ankalipotokola, tiyi n'kutuluka wa timasamba titalititali. Makina a CTC, omwe amaphwanya, kung'amba ndi kupiringiza tsamba pakati pa zitsulo ziwiri zamano zozungulira pa liwiro losiyana, anawatulukira William McKercher ku Assam, India, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Makina ena ophwanyira tsamba otchedwa Rotorvane anachokeranso ku Assam m'zaka za m'ma 1950, ndipo mafakitale ambiri kuno anatenga makina a LTP, omwenso amaduladula tsamba kukhala tizidutswa. Chifukwa chake chilembedwe poyera: ogula ankafuna tiyi wa tizidutswa ting'onoting'ono, wofiira msanga, wolowa m'timatumba toviika m'kapu.

Makinawo simungawanyamulire muholo, koma zomwe amachita mungazionetse. Tengani kilogalamu imodzi ya masamba omwe angotcholedwa kumene, masamba awiri ndi nsonga. Yalani mopyapyala pasefa pamthunzi podutsa mphepo kwa maola 14 mpaka 16, ndiye kuti muyale madzulo a dzulo lake. Akafota bwino sikelo ionetsa magalamu pafupifupi 730, ndipo tsamba limapindika osathyoka. Gawani pawiri. Theka mulipotokole ndi zikhato, theka mulisinje mumtondo woyera. Yalani mulu uliwonse kukhuthala kosapyola masentimita 5, mufunditse kansalu konyowa, ndipo achinyamata azisuzumira mphindi 15 zilizonse. Wosinjayo amasintha kuchoka kubiriwira kufika pofiirira ngati kopala mu ola limodzi kapena ola ndi theka. Wopotokolayo amatenga maola awiri kapena atatu. Umitsani pachiwaya pamoto wochepa mukutakasa, mpaka tiyi azifumbutuka pomufikisa. Pa kilogalamu yonse ija mutsala ndi magalamu 220 kapena kuposerapo pang'ono. Phikani makapu awiri, alawe.

Zikalakwika musabise, muzionetse. Masamba osafota mokwanira amachucha madzi posinja ndipo tiyi amatuluka wosakoma. Mulu wokhuthala umatentha m'kati, tiyi n'kuda, kukoma n'kuzilala. Wosauma bwino amachita chuku m'masiku ochepa. Mbale zitatu za tiyi woonongeka chonchi zimafotokoza chifukwa chake fakitale ili ndi mafani, mawotchi ndi zoyezera kutentha.

Chinanso, musasiye anthu kunja. Minda imeneyi inakula pa malo omwe eni ake anasandutsidwa alendo, ndiponso pa ntchito ya thangata. Lero lumo ndi makina otcholera zimachulukitsa makilogalamu patsiku, koma zimachepetsa manja ofunika ndipo zimadula ndi masamba okhwima omwe. Ikani dengu ndi lumo pamodzi, ndipo pambali pake pakhale mawu a mayi wotchola ndi a kapitawo, aliyense anene momwe anakuonera kusinthako. Pemphani chilolezo musanalembe dzina la munthu kapena kupachika chithunzi chake.

FUNSO: Bwanji kumyuziyamu amaletsa kugwira zinthu? Mwana wanga amamva msanga akagwira. Mayi, Bvumbwe

YANKHO: Amayi, mwana wanuyo ali ngati ana onse. Vuto ndi loti thukuta lili ndi mchere womwe umayambitsa dzimbiri pachitsulo ndi kudetsa mtengo, ndipo chinthu chomwe chatsala chimodzi chokha sichingapirire manja a anthu masauzande. Njira yomwe inapezeka ndi kukhala ndi ziwiri: chenicheni chosungidwa, ndi chofanizira chake choti ana apukuse. Deutsches Museum ya ku Munich, yomwe inakhazikitsidwa mu 1903, inatchuka ndi makina oti mlendo adine batani aone akuyenda. Exploratorium ya ku San Francisco, ya mu 1969, inachita kumangidwira kugwira komweko, ndipo Sci-Bono ku Johannesburg imatsata njira yomweyo. Mukapita kumyuziyamu funsani ngati ali ndi zinthu zomwe anapatulira ana kuti azigwira.

FUNSO: Gulu lathu la achinyamata lapatsidwa kalasi imodzi yopanda ntchito pasukulu yapulayimale. Tikufuna kaphunziro ka luso la m'dera lathu, koma ndalama ndi zochepa. Tiyambire pati? Mlembi wa gulu, Limbuli

YANKHO: Achimwene, yambani ndi zinthu zitatu zokha, zomwe mwana amaziona tsiku ndi tsiku koma sanazionepo m'kati.

Choyamba ndi mjigo. Pemphani kwa mekaniki wa mijigo wa m'dera lanu zipangizo zakutha za Afridev: pulanja yokwezera madzi, vavu ya pansi, mabobini otsekera madzi, timphira totchedwa U-seal ndi O-ring, mabushi a pachogwirira ndi rodi imodzi. Gulani zatsopano za tizipangizo tamphira ndi mabushi, n'zotsika mtengo, muzikhomere pabolodi chakutha pambali pa chatsopano. Pansi pake lembani zizindikiro zitatu, ana apeze wolakwa. Mjigo ukamafuna kupopa kambirimbiri m'mawa madzi asanatuluke, ndiye kuti vavu ya pansi ikudontha ndipo madzi abwerera pansi usiku. Yang'anani bobini ndi O-ring. Chogwirira chikapepuka madzi n'kumatuluka ochepa, U-seal yatha. Chikamagwedera cham'mbali ndi kulira, atha ndi mabushi. Kenako afotokozereni luso lenileni la mjigowu. Pa mijigo yakale, kuti musinthe kamphira kamodzi kapansi pankafunika gulu la amisiri ndi zida zokwezera mapaipi onse achitsulo. Pa Afridev, marodi amakolana ndi ngowe, ndipo pulanja ndi vavu zimatuluka kudzera m'kati mwa paipi, paipiyo ili m'malo. Sipanala imodzi ndi kachitsulo kowedzera vavu zimakwanira, moti komiti ya m'mudzi imakonza yokha.

Chachiwiri ndi mbaula. Chitetezo mbaula yadothi inayambira ku Mulanje konko kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndiye oumba ake muli nawo pafupi. Musalembe pakhoma kuti imapulumutsa nkhuni zochuluka bwanji. Ana ayeze okha, panja. Mapoto awiri ofanana, malita 5 a madzi lililonse, nkhuni zouma za mtengo umodzi makilogalamu awiri mbali iliyonse, kwina mafuwa kwina mbaula. Madzi akawira zimitsani ndi mchenga, muyeze nkhuni zotsala. Bwerezani katatu, osonkhezera moto azisinthana. Zotsatira zikasokonekera, kawirikawiri ndi chifukwa cha nkhuni zaziwisi mbali imodzi, mphepo, kapena poto wina wovundikira wina ayi. Pemphaninso kwa woumba mbaula yong'aluka, afotokoze ngati dongo silinapondedwe bwino, inauma mothamanga padzuwa, kapena inaotchedwa isanaumitsitse.

Chachitatu ndi madzi a m'phiri. Mipopi yoyenda yokha popanda injini inayesedwa ku Chingale, Zomba, mu 1968, kenako n'kufalikira ku Mulanje, anthu akukumba okha ngalande za mapaipi. Ku Bondo, mtsinje wa Lichenya umapukusa makina opereka magetsi kumidzi. Ana a Sitandade 7 ndi 8 angathe kuwerengera mphamvu ya kamtsinje: ngati ndowa ya malita 20 yadzaza m'masekondi 4, ndiye malita 5 pasekondi, chulukitsani ndi mamita omwe madzi akugwa, tinene 10, kenako ndi 5, mupeza mawati pafupifupi 250. Nambala 5 yomalizayo yachotsera kale theka la mphamvu lomwe limatayika m'mapaipi ndi m'makina ang'onoang'ono.

Mawu ofotokozera pa chinthu chilichonse asapyole 40, akhale m'Chichewa, zilembo zoti munthu awerenge ataima mita imodzi, ndipo apachikidwe pa msinkhu wa maso a mwana. Komwe akuluakulu akudziwa dzina la chida m'Chilhomwe, lilembeni. Sankhaniponso munthu mmodzi woyang'anira zokonza, chifukwa chogwiragwira chilichonse chimathyoka, ndipo chikakhala chothyoka mwezi wathunthu ana amasiya kubwera.

FUNSO: Polima ndinapeza miyala yakuda yolemera yobowokabowoka, mapale ndi timapaipi tadothi. Ndikumbe ndikapereke kusukulu? Mlimi, Thekerani

YANKHO: Musakumbe, bambo. Zomwe mwatchulazo zikufanana ndi zotsalira za ng'anjo. Ofukula amadziwa zaka za malo poona chomwe chili pamwamba ndi chomwe chili pansi, komanso poyeza makala omwe ali m'dothimo, ndipo khasu likasakaniza zimenezi sizibwereranso. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula zinthu zotere popanda chilolezo. Jambulani chithunzi mutaika khasu pambali kuti kukula kuoneke, siyani kulima kachigawo kameneko, ndipo mudziwitse amfumu ndi ofesi ya DC kuti uthenga ufike kunthambi ya boma yoona za myuziyamu ndi zipilala.

FUNSO: Malemu agogo anasiya makina osokera opalasa, wailesi yaikulu, nsimbi yamakala ndi mtondo. Ndikufuna ndizipente zioneke bwino ndisanazibwereketse kuchionetsero. Penti yabwino ndi iti? Mdzukulu, Chitakale

YANKHO: Pepani ndi imfa ya agogo, achemwali, koma penti ayi. Imakwirira dzina la fakitale, nambala ya makina ndi malo omwe dzanja linaperepesa, ndipo zimenezo ndizo zimanena zaka ndi ntchito ya chinthucho. Sandipepa ndi girayinda nazonso zimafufuta zomwezo.

Chotsani fumbi ndi burashi yofewa. Dzimbiri lofundukafunduka mulichotse pang'onopang'ono ndi kaburashi ka waya wofewa, mupukute ndi nsalu youma, kenako mupake polishi wopanda mtundu mopyapyala. M'malo ozungulira mudonthezemo mafuta a makina osokera. Oilo wakuda wochoka m'galimoto amakoka fumbi ndipo amadya chitsulo. Wailesi muichotse mabatire, ndipo musailumikize kumagetsi kuti muone ngati ikulira; zipangizo zam'kati zikakhalitsa zimatha kupsa nthawi yomweyo.

Mdani wamkulu kwanuko ndi chinyontho, makamaka nyengo ya chiperoni. Zinthu zikhale pathandala lotalika masentimita 15 kuchoka pansi, zisagunde khoma, m'chipinda chodutsa mphepo, ndipo musazikulunge m'pulasitiki nthawi yaitali chifukwa zimachita thukuta. Mtondo ukamagwetsa ufa pansi ndiye kuti muli tizilombo tofumbuza. Ngati ukukwana mufiriji yaikulu yoziziritsa mpaka madigiri 18 pansi pa ziro, umangeni m'mapulasitiki awiri, ukhalemo sabata ziwiri, ndipo mukautulutsa musamasule mpaka patapita masiku awiri. Ngati sukukwana, upatuleni kutali ndi zamatabwa zina.

Mukapeza pomwe agogo anamanga ndi waya, anasoka lamba ndi chingwe cha tayala, kapena anasula okha kachitsulo kolowa m'malo mwa kothyoka, musachotse. Pa chionetsero cha luso, pamenepo ndi pomwe anthu ayenera kuyang'ana. Funsani achibale akuluakulu akadali moyo kuti makinawo anagulidwa kuti, liti, ankasoka chiyani ndipo anawakonzapo ndani, mulembe m'kope. Chinthu chilichonse chikhale ndi nambala pa kapepala kolimba komangirira ndi ulusi, yolembedwa ndi pensulo, yofanana ndi ya m'kopemo. Pobwereketsa, lembani makalata awiri ofanana onena kuti mwabwereketsa osati kupereka, tsiku lobweza, ndi momwe chinthu chilichonse chilili patsikulo. Musayine inu, wolandira ndi mboni imodzi, ndipo kalata imodzi itsale kwa inu pamodzi ndi zithunzi.